Mbewu ya magazi: mmene amaitapira m'thupi la wodwala khansa

Chithunzi chinafika pa WhatsApp m'mawa, ndili pa Chitakale kudikira minibasi. Alamu anga, odwala khansa, agona pabedi m'chipatala china ku India, pakhosi patuluka mapaipi awiri ofiira, mapaipiwo akulowa m'makina ofika m'chiuno. Achemwali anga, amene anapita nawo ngati gadiyani, analemba pansi pake mawu atatu okha: "Lero ayamba kukolola." Ine mtima unakhala pansi, chifukwa tsikuli, lotapa mbewu ya magazi m'thupi mwawo, tinalidikira miyezi. Koma madzulo nditawaonetsa amayi awo a alamuwo, anagwira pakamwa n'kukhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Mwana wanga akum'popa magazi. Munam'tumiza kutali kuti akam'pope?"

Mantha amenewo ndimawamvetsa. Aliyense wa kuno akukumbukira chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa, azaumoyo ena anasiya kulowa m'midzi poopa kugendedwa. Ndiye munthu wachikulire akaona magazi a mwana wake akuyenda m'paipi kulowa m'makina, mawu oyamba kubwera pakamwa ndi omwewo. Usiku umenewo ndinakhala nawo pakhonde n'kuwafotokozera zimene ndinadziwa. Zimene ndikulemba panozi ndi zomwezo, nditawonjezera zina zimene ndaphunzira pambuyo pake.

Magazi amapangidwa m'kati mwa mafupa. Mongo uja timayamwa tikamatafuna fupa la ng'ombe, mwa munthu ndi momwe muli munda wa magazi, makamaka m'mafupa a m'chiuno, a pachifuwa ndi a msana. Munda umenewu supuma. Pa sekondi iliyonse umatulutsa maselo ofiira pafupifupi 2 miliyoni, chifukwa selo lofiira limakhala masiku 120 okha n'kufa. Umatulutsanso maselo oyera olimbana ndi matenda, ena mwa iwo osatha masiku awiri ali moyo, komanso timaselo toundanitsa magazi pabala, timene kuchipatala amati mapulateleti, tokhala masiku osapitirira 10. Onsewa kholo lawo ndi limodzi: maselo ochepa kwambiri amene pa Chingerezi amatchedwa stem cells. Selo lotere likagawikana limabereka lina lofanana nalo, komanso limabereka ana amene amakula n'kukhala ofiira, oyera kapena oundanitsa. Ine ndimangowatcha mbewu ya magazi. Amene anasonyeza poyera kuti maselo otere alipodi ndi James Till ndi Ernest McCulloch, ku Toronto m'dziko la Canada, atayesa pa mbewa mu 1961.

Alamu anga matenda awo ndi myeloma, khansa yomera m'mongo momwemo. Inayamba ngati msana wamba. Munthu amene wagwira ntchito m'minda ya tiyi zaka zoposa makumi awiri, kukwera ndi kutsika mapiri, akati msana ukuwawa, ndani angaganize za khansa? Anamwa panado ndi bulufeni miyezi yambiri. Kenako magazi anayamba kuchepa m'thupi, impso zinayamba kufooka, m'pamene anawatumiza ku Blantyre n'kupeza chenicheni. Myeloma imadya mafupa mpaka ena kuthyoka popanda kugwa, ndipo kafukufuku wa ku America amasonyeza kuti imagwira anthu akuda pafupifupi kawiri kuposa azungu.

Pa khansa imeneyi, ndi pa lymphoma (khansa ya maselo oyera imene kawirikawiri imatupitsa mwanabele) yobwereranso pambuyo pa mankhwala oyamba, madokotala amadziwa kuti kemo, mankhwala amphamvu opha khansa, akakhala wambiri amapha khansa yambiri. Vuto ndi lakuti mlingo waukulu wotere umaphanso mongo wonse. Munthu amene mongo wake wafa sakhalitsa: chitetezo palibe, magazi saundana. Apa m'pamene pali nzeru yonse ya chithandizo chimene alamu anapitira ku India, chimene pa Chingerezi amati stem cell transplant. Amayamba atapa mbewu ya magazi ya wodwala yemweyo n'kuisunga panja pa thupi. Akatero amam'patsa mankhwala amphamvu aja. Mankhwala akatha m'thupi amam'bwezera mbewu yake kuti ikamerenso.

Amayi aja ndinawakumbutsa za chisaka, matenda amene anatha nthochi ku Thyolo ndi kuno ku Mulanje. Alangizi anatiuza kuti tizule zonse, ngakhale zooneka zabwino, kenako tibzale ana a nthochi atsopano. Amene anazula asanadziwe kumene atenge mbewu anatsala ndi munda wopanda kanthu. "Ndiye kuti mbewuyo si mankhwala?" anandifunsa. Anali atamva bwino kuposa anthu ambiri ophunzira. Chopha khansa ndi kemo. Maselo aja ntchito yawo ndi kum'dzutsa munthu kemo atam'gwetsa. Koma fanizo la nthochi lili ndi polekezera pake, ndipo ndinawauza mosabisa. Pa chisaka mbewu yabwino imachokera kwina, pomwe pano ikuchokera m'munda wodwala womwewo. N'chifukwa chake satapa tsiku limene apeza matenda. Amayamba ndi miyezi ingapo ya mankhwala ochepetsa khansa, kuti potapa m'thupi mukhale mutayera momwe kungathekere.

Pali mtundu wina wa chithandizochi umene mbewu imachokera kwa munthu wina, kawirikawiri m'bale wa bere limodzi amene thupi lake likugwirizana ndi la wodwala. Umenewo ndi umene amagwiritsa ntchito kwambiri pa leukemia (khansa ya m'magazi) ndi pa sickle cell, ndipo ndi woopsa kwambiri chifukwa maselo achilendo amatha kuukira thupi la wolandira. Dokotala wa ku America, E. Donnall Thomas, amene anayamba kuyesa zothira mongo mwa odwala cha m'ma 1950, analandira mphoto ya Nobel mu 1990 chifukwa cha ntchito imeneyi. Koma nkhani yathu ndi ya wodwala wodzipatsa yekha.

Kale potapa ankam'goneka munthu m'fiyeta, n'kumabaya mafupa a kumbuyo kwa chiuno kambirimbiri ndi singano yaikulu mpaka atayamwa mongo wokwana pafupifupi lita. Njirayi ikadalipo, koma kwa odwala odzipatsa okha inalowedwa m'malo. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anazindikira kuti mbewu ija ikhoza kutulutsidwa m'mafupa n'kulowa m'mitsempha, kumene n'kosavuta kuitapa.

Masiku onse maselo amenewa amakhala omangirira m'mongo ngati mbuzi pachikhomo, ndipo oyendayenda m'magazi amakhala ochepa zedi. Kuti amasuke, wodwala amabayidwa jakisoni wa pansi pa khungu, pamimba kapena pantchafu, wotchedwa G-CSF kapena filgrastim. Ndi chinthu chimene thupi limapanga kale likafuna maselo oyera ambiri, koma apa amachipereka chochuluka, tsiku lililonse kwa masiku anayi kapena asanu. Mongo umadzaza, zingwe zija zimalefuka, mbewu n'kusefukira m'magazi. Odwala ambiri amamva kuphwanya kwa mafupa, makamaka m'chiuno ndi kumsana, mutu n'kumawawa ngati malungo akuyamba. Alamu anga tsiku lachitatu anaimba foni ali ndi nkhawa kuti matenda abwerera, koma anamwino anawauza kuti kuwawako ndi chizindikiro choti mongo wayamba kugwira ntchito. Choopsa chenicheni, ngakhale sichichitikachitika, ndi kutupa kwa kapamba mpaka kuphulika. Wodwala akamva ululu kumanzere pansi pa nthiti kapena paphewa lamanzere, ayenera kunena nthawi yomweyo.

Ena amayamba apatsidwa kemo wotchedwa cyclophosphamide, jakisoni uja n'kubwera pambuyo. Maselo amagwa kaye, ndiye podzuka, patatha masiku 10 mpaka 14, amatuluka ndi mbewu yambiri. Njirayi imakolola zochuluka koma imam'siya munthu pangozi ya matenda m'masiku amene chitetezo chatsika, komanso n'kovuta kudziwiratu tsiku lotapa.

Ndiye pali odwala amene mbewu yawo imakanirira. Zimachitika kwambiri kwa okalamba, odwala shuga, amene anawotchedwapo mafupa a m'chiuno ndi makina a radiotherapy, ndi amene analandira kale mankhwala ena kwa nthawi yaitali, monga melphalan kapena lenalidomide. Kwa amenewa kuli jakisoni wina, plerixafor, amene mbiri yake imandigwira mtima chifukwa imakhudza matenda amene atipweteka kwambiri kuno. Poyamba ankam'yesa ngati mankhwala a HIV, pa dzina loti AMD3100, chifukwa amatseka khomo lina la pa selo, lotchedwa CXCR4, limene mitundu ina ya kachilomboka imalowera. Pa HIV sanapite patali. Koma ofufuza anaona kuti anthu opatsidwa mankhwalawa maselo awo oyera akukwera m'magazi. Khomo lomwelo ndi limene limagwira mbewu ya magazi m'mongo, ndiye likatsekedwa chingwe chimaduka. Anavomerezedwa ku America mu 2008. Amabayidwa usiku, mawa lake n'kutapa. Amatsegula m'mimba mwa ena, ndipo ndi wokwera mtengo kwambiri moti zipatala zambiri zimam'sungira okhawo amene jakisoni woyamba wawakanika.

Apa pali phunziro limene limatikhudza ngakhale tili kutali ndi makinawa. Melphalan wa mapiritsi ndi mankhwala akale a myeloma, otchipirapo, koma amawononga mbewu ya magazi pang'onopang'ono. Ngati banja likuganiza zodzapita kunja kukalandira chithandizochi, liwauze madokotala poyambirira penipeni, mankhwala asanasankhidwe. Kunena pakatha chaka kungakhale kuchedwa.

Amadziwa bwanji kuti nthawi yotapa yakwana? Mbewu ya magazi ili ndi chizindikiro pakhungu lake chotchedwa CD34. M'mawa amatenga magazi pang'ono n'kuwerenga maselo okhala ndi chizindikirochi. Akafika pa 10 mpaka 20 mu kadontho kotchedwa microlitre, kapena kupitirira apo, amam'lumikiza munthu kumakina. Cholinga ndi kupeza maselo osachepera 2 miliyoni pa kilogalamu iliyonse ya thupi la wodwala. Munthu wolemera makilogalamu 60 amafunika maselo 120 miliyoni, ndipo pamenepo m'pongoyambira. Madokotala amakondwa akapeza 4 kapena 5 miliyoni pa kilogalamu, chifukwa mbewu ikachuluka imamera msanga. Pa myeloma nthawi zambiri amatapa yokwanira maulendo awiri, ina n'kusungidwa kuti mwina idzafunika mtsogolo.

Tsopano makina aja amene anawaopsa amayi. Ntchito yake amaitcha apheresis. Magazi amatuluka pa paipi imodzi, n'kulowa m'chimbale chozungulira mothamanga kwambiri. Amene anapetapo mphale amadziwa kuti lichero likagwedezeka, zolemera zimapita kwake, zopepuka kwake. M'chimbalemo maselo ofiira, pokhala olemera, amakankhidwira kunja. Madzi achikasu a m'magazi amatsala m'kati. Pakati pa ziwirizi pamakhala kamzere kopyapyala ka maselo oyera, ndipo mbewu ili m'menemo. Makina amayamwa kamzere kokhako n'kukathira m'thumba, zina zonse n'kubwerera m'thupi pa paipi yachiwiri. Magazi amene amakhala kunja kwa thupi pa nthawi imodzi ndi ochepa, ngati kapu imodzi. Koma chifukwa akuzungulira maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, onse odutsa m'makina amakwana malita 10 mpaka 15, kutanthauza kuti magazi onse a munthu adutsamo kawiri kapena katatu. Amene mitsempha yawo ya m'manja ndi yaikulu amawabaya mkono uku ndi uku. Ena amawaika paipi yokhala ndi njira ziwiri mumtsempha waukulu wa pakhosi, ngati mmene anachitira ndi alamu anga.

Ndinawaonetsa amayi chithunzi chija kachiwiri, nditachikulitsa ndi zala. "Taonani amayi, iyi ikutuluka, iyi ikubwerera. Chimene akutenga ndi kathumba ako kapachikidwa pamwambako." Kathumbako kanali ndi madzi ofiirira mofooka, ngati madzi otsukira nyama, osadzaza n'komwe botolo la fanta. Anakayang'ana nthawi yaitali. "Basi kameneka?" Ndinati kameneka, ndipo n'kake, adzam'bwezera.

Kutapako sikupweteka, koma kuli ndi chovuta chimodzi chimene pafupifupi aliyense amakumana nacho. Kuti magazi asaundane m'mapaipi amathiramo mankhwala otchedwa citrate, amene amagwira kasiyamu wa m'magazi. Kasiyamu akatsika milomo imachita dzanzi, zala zimanyerenyetsa, ena amamva kuzizidwa kapena kukokana kwa minofu. Achemwali anga anati alamu anayamba kudziluma milomo osanena kanthu, monga amachitira amuna a kwathu, mpaka namwino anawafunsa yekha. Anachepetsa liwiro la makina, n'kuwapatsa kasiyamu, dzanzi linatha. Kupirira mwakachetechete pamenepa n'kolakwika, chifukwa kasiyamu akatsikitsitsa amasokoneza kagundidwe ka mtima. Mapulateleti nawonso amatsikako pambuyo pa kutapa, choncho amawayeza tsiku lililonse. Ena amakwanitsa mlingo tsiku limodzi, ena masiku awiri kapena atatu. Alamu anakwanitsa tsiku lachiwiri.

Kathumba kaja kakachoka pamakina kamapita ku labu. Amawerenga maselo, amayeza ngati mwalowa tizilombo, amalemba dzina mosamala kwambiri. Kenako amasakaniza ndi mankhwala otchedwa DMSO, oteteza maselo kuti asaphulike pouma, n'kuziziritsa pang'onopang'ono mpaka kukasunga m'thanki ya naitirojeni wamadzi, amene kuzizira kwake ndi madigiri 196 pansi pa ziro. M'menemo maselo amatha kukhala zaka zambiri ali amoyo. Asanatape, wodwala amayezedwa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Kukhala ndi HIV pakokha sikum'tsekera munthu khomo. Odwala lymphoma amene akumwa ma ARV mokhulupirika, kachilombo katagona, alandirapo chithandizochi ndipo zotsatira zake zakhala zofanana ndi za ena.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo n'chakuti thanki ija si yofunika nthawi zonse. Zipatala zina ku Algeria, Mexico ndi India zimasunga maselo mufiriji wamba ya magazi, pa madigiri 4, kwa masiku awiri kapena atatu. Pa myeloma zimatheka chifukwa melphalan wa m'diripi, amene ndiye kemo wamphamvu uja woperekedwa pa mlingo waukulu, amachoka m'magazi msanga. Amatapa, amapereka kemo, mawa lake n'kubwezera maselo. Ndalama zimachepa kwambiri, ndipo ndikuona kuti dziko ngati lathu likadzayamba, lidzayambira pamenepa.

Kubwezera maselo kulibe opaleshoni. Amasungunula kathumba m'madzi ofunda pambali pa bedi n'kukathira ngati diripi, maselowo n'kupeza okha njira yobwerera m'mafupa. DMSO uja amatuluka ndi mpweya, moti chipinda chimanunkha ngati adyo tsiku lonse. Masiku ovuta amabwera pambuyo pake. Mongo wakale wafa, watsopano sunamere, ndipo kwa masiku 10 mpaka 14 munthu amakhala wopanda chitetezo. M'kamwa mumatuluka zilonda, m'mimba mumatsegula, tsitsi limathothoka, kutentha thupi pang'ono kumafuna mankhwala a m'diripi ola lomwelo. Amafunika kuthiridwa magazi ndi mapulateleti. Achemwali anga amati sabata imeneyo ankangowerenga manambala pa pepala la labu m'mawa uliwonse ngati munthu woyang'ana kumwamba mu Novembala.

N'chifukwa chake makina okha sakwanira. Pamafunika labu yodziwa kuwerenga CD34, chipinda chaukhondo cha wodwala mmodzi, magetsi osazima, mankhwala amphamvu opha tizilombo, anamwino ophunzitsidwa, ndi nkhokwe ya magazi yosauma. Chomalizachi chili m'manja mwathu. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale, ndipo sukulu zikatsekera magazi amasowa m'zipatala. Mapulateleti sasungika kupitirira masiku asanu kapena asanu ndi awiri. Dera limene anthu amathawa galimoto yotolera magazi silingathe kusamala wodwala wotere, ngakhale wa khansa wamba amene akulandira kemo ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central.

Amalawi amene alandira chithandizochi amachipeza kunja, kawirikawiri ku India kapena ku South Africa, kumene zipatala za ku Cape Town, Johannesburg ndi Pretoria zakhala zikuchita kwa zaka zambiri. Anzathu a ku Tanzania anayamba mu 2021 pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam, ndipo anayambira pa odwala myeloma. Ulendo wa alamu unatheka chifukwa cha inshuwalansi ya kuntchito, munda umene tinagulitsa, ndi chopereka cha abale ndi a mpingo. Mabanja ambiri a kuno sangathe, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Ndinenenso ziwiri mosapsatira. Choyamba, chithandizochi si cha khansa iliyonse. Khansa ya khomo la chiberekero, ya kummero, ya Kaposi, zimene zatichulukira kuno, sizichizidwa motere, ndipo ngakhale pa myeloma chimagoneka matenda kwa zaka koma kawirikawiri amadzabwerera. Pa lymphoma chimatha kuchiziratu. Amasankhanso amene mtima, mapapo ndi thupi lonse zingapirire, makamaka osapitirira zaka 65 kapena 70. Chachiwiri, pali anthu akuyenda m'maofesi, m'matchalitchi ndi pa Facebook kugulitsa timapaketi ta ufa tolembedwa kuti stem cell, n'kumati timachiza khansa, shuga ndi sitiroko. Mbewu ya magazi ndi selo lamoyo la munthu, lofuna kuzizira koopsa kuti lisafe. Silingakhale mu ufa wothira pansi pa lilime. Ndaona mabanja akutaya ndalama ya thiransipoti yopitira ku Blantyre pa timapaketi timeneti, wodwala n'kufika kuchipatala mochedwa.

Alamu anabwera patatha miyezi iwiri, ataonda, mutu uli mbee. Anawalamula kugona m'neti usiku uliwonse, kumwa madzi owiritsa, kupewa zakudya zogona ndi malo odzaza anthu kwa miyezi ingapo, ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha. Katemera amene analandira ali mwana ayenera kubayidwanso, kuyambira patatha pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa chitetezo chatsopano sichikumbukira zakale. Amayi awo anabwera kudzawaona atasamba m'manja ndi sopo pakhomo monga tinawapemphera. Anakhala pamphasa, n'kupempha kuti aone pakhosi pamene panali mapaipi paja. Panatsala kachipsera kakang'ono ngati njere ya nyemba. Anakagwira ndi chala, kenako anafunsa ngati kathumba kachiwiri kaja akukasungabe bwino ku India.